Ululu Pogonana: Amayi, Musangopirira

Amayi anzanga, kumva ululu pogonana si chinthu chongopirira. Mukapita kuchipatala, fotokozani mosachita manyazi pamene pakupwetekapo, chifukwa adokotala amayambira pomwepo.

Ululu ukakhala pakhomo penipeni pa maliseche, kawirikawiri vuto limakhala kuuma kwa njira, makamaka mukamayamwitsa kapena mutasiya kusamba. Mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi amathandiza. Vaseline ayi, amang'ambitsa kondomu. Kuyabwa ndi chikazi chonunkha zimafuna mankhwala, ndipo matendawo akakhala opatsirana, abambo nawonso alandire chithandizo. Zitsamba zoumitsira kumaliseche zisiyeni chonde, zimachititsa tizilonda.

Ululu wam'kati, m'munsi mwa mchombo, ungachokere m'chiberekero kapena m'machubu. Mukaona magazi mutagonana, musadikire: kayezetseni khansa ya khomo la chiberekero sabata yomweyo.