Zomwe zimadya ndalama pogulitsa nyumba

Wamalonda akaganiza zogulitsa nyumba kuti awonjezere mpamba, nthawi zambiri amawerengera ndalama yonse yomwe wogula watchula. Akamvana pa K20 miliyoni, m'mutu mwake amayamba kale kuoda mabelo a kaunjika kapena matumba a soya a K20 miliyoni. Komatu ndalamayo isanafike m'thumba, alipo angapo omwe amadyapo.

Woyamba ndi amene wapeza wogula, kaya ndi kampani yogulitsa nyumba kapena dobadoba. Ameneyu amatenga gawo lake pa mtengo wa nyumbayo. Ngati anagwirizana K5 pa K100 iliyonse, pa nyumba ya K20 miliyoni ndiye kuti K1 miliyoni yapita. Vuto la madobadoba n'lakuti sabwera mmodzi: wina anamva za nyumbayo, wina anauza mnzake, wachitatu ndiye anabweretsa wogula, ndipo tsiku lolandira ndalama onse amafika pakhomo. Ena amakweza mtengo mwamseri kuti zapamwambazo zikhale zawo, nyumba n'kukhala miyezi osagulidwa. N'chifukwa chake mgwirizano ndi anthuwa uyenera kulembedwa pasadakhale, ndipo utchule munthu mmodzi wolandira komanso ndalama yake.

Kenako pamabwera ngongole zakale. M'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, eni nyumba amalipira msonkho wa nyumba kukhonsolo, ndipo wogula wochenjera safuna kusintha dzina pamapepala msonkhowu usanathe. Yemwe wakhala zaka zambiri osalipira amadzidzimuka akaona chiwerengero. Ngati malowo ndi a lizi, palinso lendi ya malo yopita ku unduna wa zamalo kapena kwa mwini malowo, monga Malawi Housing Corporation, komanso chilolezo chawo kuti umwini usinthe. Mabilu a madzi ndi a Escom nawonso ndi a wogulitsa. Nyumba yomwe inaikidwa chikole kubanki siingasinthe dzina mpaka ngongoleyo itabwezedwa yonse ndi chiwongoladzanja chake.

Ku Malawi Revenue Authority (MRA) kumafunika chikalata chosonyeza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho. Apa amalonda achenjere, chifukwa misonkho ya bizinesi yomwe inatsalira ikhoza kuimitsa malonda a nyumba. Lamulo la misonkho limasiyanitsanso nyumba yomwe munthu amakhalamo yekha ndi nyumba ya lendi. Phindu la nyumba yokhalamo silidulidwa msonkho, koma la nyumba ya lendi limawerengedwa ngati ndalama yomwe munthu wapeza. Malisiti a simenti, malata ndi amisiri amathandiza pamenepa, popeza amasonyeza ndalama zomwe zinalowa m'nyumbayo.

Za loya ndi msonkho wa sitampa nthawi zambiri zimagwera wogula, koma zimenezi n'zokambirana, ndipo wogulitsa wothamangira ndalama amapezeka wavomera kugawana. Katswiri woyeza mtengo wa nyumba amalipidwanso, ngakhale ndalama imeneyi siyodandaulitsa: amene sanayezetse ndiye amagulitsa motaya. Penti ndi kukonza denga lodontha zimatenganso kena kake.

Chomwe ambiri sachiwerengera ndi nthawi. Alendi akamva kuti nyumba ikugulitsidwa amasamuka, ndipo lendi ya miyezi yodikira mapepala imatayika. Choopsa kwambiri kwa wamalonda ndi wogula wolipira pang'onopang'ono. Mu Novembala 2023, Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Yemwe anagulitsa nyumba mwezi wa Okutobala n'kulandira theka, theka linalo n'kudikira Januwale, analandira ndalama yomwe anagwirizana ndithu, koma katundu wa ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg yemwe ankafuna kuoda anali atakwera kale mtengo.