Kulalika Mthenga Wabwino Kapena Kubzala Mitengo: Choyamba N'chiti?

Phunziro la m'miphakati
Mawu a Mulungu: Genesis 2:4-15, Mateyo 28:16-20

Dzinja likamayandikira, mtsutso umodzi umabuka m'makhonsolo a matchalitchi ku Chigwa cha Shire. Ena amati Mpingo watanganidwa ndi nazale za mitengo ndi misonkhano ya za kusintha kwa nyengo, pamene ana akusowa owaphunzitsa katekisimu ndipo maukwati ambiri sanadalitsidwe. Ena amati ulaliki ungathe kudikira, koma madzi osefukira sadikira munthu. Onsewa amaukonda Mpingo, choncho funso lawo liyenera kuyankhidwa mofatsa.

Zimene Chigwa chaona

Mu Januwale 2015 madzi anamiza midzi ndi minda ku Nsanje ndi Chikwawa, ndipo anthu a ku Makhanga anatsekeredwa pakati pa madzi. Mu Malichi 2019 kunabwera mvula ya namondwe Idai. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko lonse n'kuvutika ndi kuthimathima kwa magetsi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anapha anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera.

Chigwachi chili kumunsi, ndiye chimalandira madzi a mvula yogwa kumapiri a Thyolo, Mulanje, Blantyre ndi Mwanza. Mitengo ikakhalapo, mizu imagwira nthaka ndipo madzi amalowa pansi pang'onopang'ono. Ikatha, madzi amathamanga atanyamula dothi ndi mchenga, n'kukazitula m'mitsinje ya Ruo, Mwanza ndi Shire. Mtsinje wokwiririka sukhalanso wakuya, motero umasefukira msanga. Kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje kumawonjezera vutoli, pakuti madzi saiwala khwawa.

Zimene Mpingo umaphunzitsa

Ambuye Yesu asanakwere Kumwamba anatuma ophunzira awo kukaphunzitsa ndi kubatiza anthu a mitundu yonse. Mu 1975 Papa Paulo wachisanu ndi chimodzi, m'kalata yake yotchedwa Evangelii Nuntiandi, anakumbutsa kuti Mpingo ulipo chifukwa cha ntchito imeneyi. Choncho amene amati kulalika ndiye ntchito yoyamba sakulakwa. Parishi yokhala ndi nkhalango yokongola koma yopanda katekisimu ndi masakramenti yasanduka bungwe wamba.

Komabe kalata yomweyo imaphunzitsa kuti kulalika n'kolumikizana kwambiri ndi kutukula moyo wa munthu, popeza wolalikidwayo ndi munthu weniweni, wokhala ndi mimba, munda ndi ana. Buku la Genesis nalo limasonyeza kuti ntchito yoyamba imene Mulungu anapatsa munthu inali yolima ndi kusamala munda. Mu 2015 Papa Fransisko, m'kalata ya Laudato Si', anafotokoza kuti dziko likawonongeka oyamba kuvutika ndi amphawi, ndipo kuti mankhwala ake ndi kutembenuka mtima.

Mphatso imene Mpingo wokha uli nayo

Mbande angathe kugawa ndi aliyense: boma, mabungwe, ngakhale CADECOM, nthambi ya chitukuko ya Mpingo wa Katolika. Koma pulojekiti ikatha ndipo alangizi akachoka, mbande zambiri zimadyedwa ndi mbuzi kapena kupsa ndi moto wa osaka mbewa. Chimene chimasamala mtengo mpaka utakula ndi chikumbumtima cha munthu, ndipo chikumbumtima chimaumbidwa ndi Mawu a Mulungu.

Mlangizi wa zankhalango anganene kuti kudula mitengo m'mbali mwa mtsinje n'kuswa lamulo la dziko. Mthenga Wabwino umapitirira pamenepo. Umati kuwononga mwadala chimene chimateteza moyo ndi munda wa mnzako wa kumunsi kumakhudza lamulo lachisanu ndi lachisanu ndi chiwiri, ndipo ndi nkhani yoyenera kupita nayo kolapa.

Pano pafunika chilungamo. Ambiri ootcha makala sachita zimenezi chifukwa cha nkhanza ayi, koma pofuna ufa ndi fizi. Makalawo amakwera mapiri pa njinga kupita ku Blantyre, kumene amagulidwa ndi anthu amenenso amapemphera Lamulungu. Wootcha, wogula ndi amene nyumba yake yakokoloka amalandira Ukaristia umodzi. Mpingo uli kumtunda ndi kumunsi komwe, choncho ungathe kuwalankhula onse ngati abale, osaloza chala mphawi yekha.

Yankho lake ndi lakuti kulalika ndiko kuyenera kutsogola, koma ulaliki wathunthu suiwala chilengedwe. Mkhristu amene wamvadi Mthenga Wabwino amaonekera pa mmene amalimira dimba lake, monga amaonekera pa mmene amasungira banja lake.

Zoyenera kuchita

1. Mphakati usasinthe nthawi ya Mawu a Mulungu kukhala msonkhano wa chitukuko. Uyambe ndi kuwerenga ndi kupemphera, ntchito ichokere pamenepo.
2. Aphunzitsi a katekisimu, pophunzitsa malamulo khumi, aikemo zitsanzo za mitengo, mitsinje ndi moto wolusa.
3. Nyengo ya dziko lino yobzala mitengo imayamba mu Disembala mpaka Epulo. Mphakati ubzale mitengo yokhayo imene ungathe kuithirira ndi kuitchingira, ndipo mtengo uliwonse ukhale ndi banja loulera.
4. Chenjezo la madzi likaperekedwa, achinyamata ayambe kufikira okalamba, odwala ndi olumala.

Mafunso okambirana

1. Ndi mitengo ingati imene mphakati uno unabzala chaka chatha, nanga ilipo lero ndi ingati? Chifukwa chiyani?
2. Kodi m'bale amene amadalira makala angathandizidwe bwanji kupeza njira ina yopezera chakudya?
3. Ndi mabanja ati amene anasiya kupemphera atasamutsidwa ndi madzi, nanga adzawayendera ndani sabata ino?