Kuphunzitsa Msintho Wocitidwa: Nkhani ya Eduard de Stoeckl

Eduard de Stoeckl anabadwira ku Constantinople mu 1804, nadzakhala kazembe wa Russia ku Washington. Mu 1867 iye ndi William Seward anasaina pangano logulitsa Alaska kwa America pa madola 7,200,000. Anamwalira ku Paris mu 1892.

Mukawerenga ndimeyi ndi aphunzi a Giredi 7, lembani pabolodi: "Alaska anagulitsidwa." Afunseni kuti anagulitsa ndani. Msintho wa -idwa umabisa wocita, ndipo olemba mbiri amaukonda kopambana. Aphunzi akachula Stoeckl, akumbutseni kuti iye anali wotumidwa cabe. Analamula ndi mfumu Alexander II.

Tsono lembani: "Eni dziko, monga a Tlingit, sanafunsidwe." Apa musafulumire. Alekeni aphunzi akambirane okha kuti anayenera kuwafunsa ndani.