Nkhope ya amuna anga yapotoka

Aphungu,
Sabata yatha amuna anga anadzuka pakamwa patapotokera kumanzere. Diso lakumanja silikutsinzina, ndipo akamamwa tiyi amatayikira m'mbali. Manja ndi miyendo zili bwinobwino, kumunda akupita. Apongozi akuti alipo amene wawachita chipongwe, akufuna tipite kwa asing'anga. Ine mantha anga ali pa sitiroko. Ndichite chiyani?
Mayi wa ku Dedza

Mayi,
Pitani nawo kuchipatala lero, musadikire mawa. Zimene mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda amene madokotala amawatcha Bell's palsy, potengera dzina la Charles Bell, dokotala wa ku Scotland, koma woti atsimikize ndi amene awaone ndi maso.

Mauthenga ochoka ku ubongo amayenda m'mitsempha yokhala iwiriiwiri, wina kumanja wina kumanzere. Mapeya 31 amatulukira m'fupa la msana kupita m'thupi lonse, pomwe mapeya 12 amatuluka mu ubongo mwenimwenimo kudzera m'timabowo ta chigaza. Wachisanu ndi chiwiri pa mitsempha ya mu ubongoyi ndi umene umagwedeza nkhope. Njira yake ndi kangalande kopanikiza m'fupa la kukhutu, ndiye ukatupa umafinyika ngati chala chotupa mu mphete, uthenga osadutsanso. Mbali imeneyo imalefuka, mbali yabwinoyo n'kukokera pakamwa kwake. Mtsempha womwewu umathandizanso misozi, kumva kukoma kutsogolo kwa lilime, ndi kuchepetsa phokoso m'khutu. Choncho bambo akanena kuti ndiwo sizikukoma, kapena wailesi ikuwasokosera khutu limodzi, gwero lake ndi lomweli.

Auzeni akweze nsidze zonse. Pa Bell's palsy, chipumi cha mbali yodwalayo chimangoti see, osachita makwinya. Pa sitiroko, kawirikawiri chipumi chimakwinyika ndithu, koma dzanja kapena mwendo umalefuka, mawu amasokonekera. Mukaona chimodzi mwa zizindikiro za sitirokozi, thamangirani nawo kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Mankhwala a prednisolone amagwira bwino akayambidwa pasanathe maola 72. Nthawiyo yadutsa, koma musataye mtima. Ambiri amayamba kusintha pasanathe masabata atatu, ndipo pafupifupi anthu 7 mwa 10 alionse amachiriratu pakapita miyezi ingapo ngakhale sanamwe mankhwala. Kuchipatalako apemphe kuyezedwa shuga, BP ndi HIV, ndiponso awaone m'khutu, chifukwa zina mwa zimenezi zimayendera limodzi ndi vutoli.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ine ndi diso. Diso losatsinzina limauma, fumbi ndi utsi zimalowa, pagalasi pake n'kuchita chilonda, ndipo ichi n'chimene chingawasiyire chilema nkhope itachira kale. Apemphe mankhwala odonthezera m'maso. Kumunda azivala magalasi. Usiku muziwatsekera chikope ndi chala chosamba bwino, n'kumata ndi pulasitala monga angakuonetsereni anamwino. Diso likafiira kapena kuyamba kupweteka, abwerere kuchipatala.

Apongozi musakangane nawo, akuchita zimenezi chifukwa mwana wawo akuwamvetsa chisoni. Apempheni akuperekezeni kuti akamve okha kwa dokotala. Koma pa zinthu ziwiri izi mulimbe mtima: madzi a masamba kapena mankhwala alionse azitsamba asadonthezedwe m'diso limenelo, ndipo kumasoko asatemeredwe mphini.