Kuzonda Kamodzi Sikokwanira: Phunziro la Kusamala Wodwala Khansa

Mkulu wa mpingo akalengeza kuti mnzathu wapezeka ndi khansa, Sabata lomwelo masana nyumba yake imadzaza. Ena abwera ndi shuga, ena buledi, a kwaya aimba mpaka dzuwa kulowa. Pitaninso pakatha miyezi itatu. Mupeza mayi ake okha, atatopa, akuwerenga makobidi a minibasi ya mawa. Chonsecho nthawi imeneyo ndi imene mankhwala amufooketsa zedi. Phunziro lathu likufunsa: tingakhale naye bwanji mpaka chithandizo chithe?

Ulendo wake ndi wautali

Odwala khansa ambiri mu Blantyre muno amathandizidwa ku chipatala cha Queen Elizabeth, chomwe ambiri timangoti ku Gulupu. Khansa zofala kuno ndi monga ya khomo la chiberekero, ya m'mawere, ya kummero, ya pakhungu yotchedwa Kaposi, komanso ya Burkitt imene imagwira ana. Ena amachitidwa opaleshoni, ena amalandira kemo, mankhwala amphamvu amene kawirikawiri amadzera m'dilipi. Chithandizo chowotcha chotupa ndi makina kwa zaka zambiri ankachitsatira kunja, ndipo mu Blantyre chidayamba kupezeka mu 2024.

Kemo salandira tsiku limodzi n'kuthana nayo. Amapereka m'magawo, kwa ambiri pakatha masabata atatu alionse, kwa miyezi ingapo. Amapha maselo ochulukana msanga, ndiye pamodzi ndi a khansa amakhudzanso a tsitsi, a m'kamwa ndi a magazi. N'chifukwa chake wodwala amathothoka tsitsi, amachita nseru, amatuluka zilonda m'kamwa ndipo chitetezo cha m'thupi chimatsika. Izi sizitanthauza kuti mankhwala akumupha, ndipo tsitsi limameranso akamaliza.

Ku chipatala cha boma salipira, koma ulendo ndi wolipira. Wochokera ku Bangwe akwera minibasi kufika ku Limbe, akweranso ina kukatsika pa Ginnery Corner, iye ndi womudwazika, kupita ndi kubwerera. Ndalama ikasowa amadumpha tsiku, ndipo kudumphadumpha kumapatsa matenda mpata.

Zimene Malemba akutiphunzitsa

Werengani Marko 2:1-12. Wofa ziwalo uja sadafike yekha kwa Yesu. Adamunyamula anthu anayi, ndipo atapeza khomo ladzaza sadabwerere, adasasula denga. Mmodzi akadatopa naye panjira. Mutu umodzi susenza denga.

Werengani Yobu 2:11-13. Anzake atatu adakhala naye pansi masiku 7 osalankhula kanthu. Pamenepo adachita bwino. Adalakwa atayamba kufufuza tchimo limene lidamudwalitsa. Pa Yohane 9:1-3 Yesu adakana maganizo omwewo pa munthu wobadwa wosaona. Khansa si chilango, si ufiti, ndipo sipatsirana. Mungathe kudyera naye mbale imodzi.

Werengani 2 Mafumu 20:1-7. Mulungu adamva pemphero la Hezekiya, komabe Yesaya adalamula kuti pachithupsa paikidwe nkhuyu. Pemphero ndi mankhwala sizidalimbane.

Chenjezo kwa ife a Adventist

Timakonda uthenga wa zaumoyo, ndipo ndi mphatso. Koma pali abale amene amafika kwa wodwala ndi botolo la zitsamba kapena juwisi, n'kumuuza kuti asiye kemo ngati alidi ndi chikhulupiriro. Mawu otere aphetsa anthu. Masamba, zipatso, madzi ndi mpumulo zimalimbitsa thupi, koma sizichotsa chotupa. Zitsamba zina zimasokoneza mankhwala a kuchipatala, choncho asamwe chilichonse dokotala wake asanadziwe. Mpingo womwe udamanga Malamulo ndi Blantyre Adventist Hospital suphunzitsa kuthawa chipatala.

Wophunzira angachitenji?

1. Pezani anzanu atatu, mugawane masiku. Lembani masiku onse a kuchipatala, pasakhale lopita yekha.
2. Sonkhani ya thiransipoti mwezi ndi mwezi, ngakhale yochepa. Kangachepe kobwera nthawi zonse kaposa thumba la mpunga lobwera kamodzi.
3. Pumitsani womudwazika. Chapani, tungani madzi, thandizani ana ntchito ya kusukulu. Nayenso mufunseni kuti wadzuka bwanji.
4. Mukamva chimfine musapite, imbani foni. Mukapita, sambani m'manja. Wolandira kemo akatentha thupi, athamangire kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.
5. Perekani magazi ku Malawi Blood Transfusion Service. Odwala khansa ambiri amafuna kuwonjezeredwa magazi.
6. Sungani chinsinsi. Musaike matenda ake pa gulu la WhatsApp la mpingo, ngakhale ngati chopempherera, iye asanavomere.
7. Chezani nayenso za mpira, za mayeso, za kumudzi. Akadali munthu yemwe uja.

Madokotala akati sachira

Ntchito yathu siyithera pomwepo. Ku Gulupu kuli Tiyanjane, kumene amathandiza odwala matenda aakulu kuchepetsa ululu, ndi mankhwala monga mofini. Kumwa mofini si kutaya chikhulupiriro. Musamulonjeze kuti achira, poti simudziwa. Mulonjezeni chimene mungakwanitse: kuti Lachitatu mubweranso. Ndiye mubweredi.

Zokambirana

1. Mu mpingo kapena m'kalasi mwanu, ndani amene tidamuzonda kamodzi n'kumuiwala?
2. Mungamuyankhe bwanji mwaulemu munthu wamkulu amene akulangiza wodwala kusiya mankhwala?
3. Mutadwala ndinu, anayi okunyamulani angakhale ati? Nanga inu mwagwira mphasa ya yani?