Uphungu: Kusiya Kafukufuku Kukayamba Kujambula Zithunzi za Sayansi

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akhala zaka zambiri akuchita kafukufuku wa tizilombo toyambitsa matenda, ndipo akudandaula kuti ntchito ya mu labotale siikuwakomeranso, pamene mtima wawo umasangalala akamajambula zithunzi zofotokoza zimene anzawo apeza. Akufuna kusintha ntchito, koma akuopa makolo ndi amalume awo, amene adawalipirira sukulu movutikira ndipo amaona kujambula ngati ntchito ya anthu amene maphunziro adawakanika. Akuopanso kusowa malipiro a pamwezi.

Ntchito imene mayiwa akuilakalaka ndi yofotokoza sayansi kudzera m'zithunzi, kutanthauza zojambula pamanja kapena pakompyuta, mapu, matchati ndi makanema afupiafupi, zimene zimathandiza munthu kuona zinthu zosaoneka ndi maso kapena kumvetsa ziwerengero zochuluka mosavuta, ndipo ndi mbali ya sayansi kuyambira kale. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, amene adalandira mphoto ya Nobel mu 1906, adasonyeza ndi zojambula zake zapamanja mmene maselo a mu ubongo alili, ndipo Florence Nightingale adagwiritsa ntchito tchati mu 1858 posonyeza akuluakulu a boma la Britain kuti asilikali ambiri pa nkhondo ya ku Crimea adafa ndi matenda opeweka osati mabala. Choncho zaka zimene mayiwa akhala mu labotale sizidzapita pachabe, chifukwa ndizo chuma chimene wojambula wamba alibe.

Mfundoyi ndi yofunika kuimvetsa bwino. Wojambula wa sayansi amasankha chimene aike, chimene achotse ndi chimene achikulitse, ndipo chithunzi chokongola koma cholakwika chimasocheretsa anthu ambiri kuposa nkhani yolakwika, pakuti chimalowa m'mutu ngakhale mwa munthu wosadziwa kuwerenga. Chithunzi cha kachilombo ka Covid-19 chimene dziko lonse lidachizolowera, chotuwa chokhala ndi timinga tofiira, adachijambula Alissa Eckert ndi Dan Higgins a ku bungwe la CDC ku America kumayambiriro a 2020. Kachilomboko n'kakang'ono kwambiri moti kalibe mtundu umene diso lingaone, ndiye kuti kufiirako adachita kusankha kuti timingato tioneke msanga, pomwe maonekedwe a timingato adawatenga pa zimene ofufuza adapeza. Kudziwa pamene wojambula ali ndi ufulu wosankha ndi pamene alibe ndi luso limene mayiwa ali nalo kale.

Koma mantha awo pa ndalama ndi omveka ndipo sayenera kuchepetsedwa. Malo a ntchito yokhazikika ya mtunduwu ndi ochepa, ndipo ojambula ambiri amagwira pa kontrakiti imene imatha pulojekiti ikatha. N'chifukwa chake si nzeru kulemba kalata yosiya ntchito panopa. Ndi bwino ayambe kusonkhanitsa zojambula zawo zabwino kwambiri zoti azionetsa ofuna kuwalemba ntchito, ajambulire anzawo zithunzi za m'malipoti atapempha chilolezo pa zotsatira zimene sizinasindikizidwe, ndipo aphunzire mapulogalamu aulere monga Inkscape ndi Blender asanawononge ndalama pa mapulogalamu ogulitsidwa. Sukulu zophunzitsa lusoli zilipo, monga ya ku Johns Hopkins imene idayamba mu 1911 pansi pa Max Brödel, koma olemba ntchito ambiri amayang'ana kaye zimene munthu wajambula. Chojambula chilichonse chokhudza zaumoyo achiyese kwa alangizi a zaumoyo kapena kwa amayi a ku sikelo, chifukwa ngati iwo sachimvetsa ndiye kuti sichinathe, ngakhale anzawo a mu labotale atachiyamikira chotani.

Makolo ndi amalume asawadzidzimutse. Akawafotokozere modekha ndi mwaulemu, atanyamula ntchito yomalizika ndi umboni wakuti wina adailipira, popeza nkhawa ya akuluakuluwo ndi yakuti mwana wawo angavutike, osati yakuti akujambula. Ntchito ya mu labotale adzaisiye pamene zojambulazo zayamba kubweretsa ndalama zokwanira lendi ndi chakudya kwa miyezi yotsatizana. Kufikira pamenepo, agwire zonse ziwiri ndipo asachite manyazi ndi luso lawolo.