Pakhonde la Azakhali: Foni imene sindinagule

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Bangwe m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Woyamba ndi mtsikana wa zaka 15, ali Fomu 2 pasekondale yoyendera. Enawo ndi anyamata, wina Sitandade 5, wina Sitandade 2. Bambo awo ankaperekera zakudya pahotela ina m'tauni muno, koma alendo atasiya kubwera chifukwa cha kolona anawaimitsa, amvekere tidzakuitanani. Mpaka lero zii. Pakhomo pano tikudya za geni yanga ya tomato ndi anyezi.

Sukulu zitatsekedwa chifukwa cha kolona ulendo woyamba uja mu 2020 ndinaona zakuda. Mwana wongokhala njala imam'peza msanga, moti ufa umene unkatifikitsa madzulo unkatha masana. Anyamatawo ndewu tsiku lonse, bambo awo kukalipa. Ndiye ndinati m'malo mongokhala, mtsikanayu azikazinga mandasi n'kumakagulitsa pasiteji. Zinatithandiza, sindinama. Sukulu zitatsegulidwa anasiya, koma pano mu Januwale 2021 poti zatsekedwanso ndam'bwezera komweko.

Sabata yatha ndikufuna singano m'chikwama mwake ndinapezamo foni yatsopano, yodula. Ine sindinagule, bambo ake sangathe. Nditam'panikiza anati ndi ya mnzake. Ndinam'menya, Azakhali, mpaka mthiko unathyoka. Madzulo ake mlongo wake wamng'onoyo anaulula kuti pali ankolo ena a njinga yamoto amene amagula mandasi onse kamodzi, ndipo iwowo amawapatsa K200 kuti asanene. Mtsikanayu tsopano sakundiyankhula, akungogona chopenya kukhoma. Bambo ake akuti ndam'lekerera ndine. Akuti tim'tumize ku Thyolo kwa agogo ake mpaka sukulu zidzatsegulidwe, ndipo akapezeka ndi pathupi apite kwa mwini wakeyo, iwo alibe chodyetsa pakamwa pena. Apongozi angawo ndi okalamba, amadwala shuga. Usiku tulo sitikubwera. Ndim'tumize?

Mayi wothedwa nzeru, Bangwe

Mayi,

Musam'tumize. Ndayamba ndi yankho chifukwa mwina pamene mukuwerenga pano zovala zake zamangidwa kale m'chitenje.

Ku Thyolo njinga zamoto zimafikako, ndipo kuchokera ku Limbe si ulendo woti mwamuna wofunitsitsa angaugonere panjira. Foni mwalanda, koma nambala ili m'mutu mwa mwanayo. Kumeneko adzam'yang'anira ndani? Gogo wodwala shuga, woti dzuwa likangolowa ali pamphasa? Komanso taganizirani za gogoyo. Funde lachiwiri la kolonali silikuchita masewera. Pa 12 Januwale tataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, anthu oti chipatala sichinali chowasowa. Amene nthendayi ikuwatenga kwambiri ndi okalamba ndiponso odwala shuga ndi BP. Mtsikana woti watha masiku ali pasiteji, akulandira ndalama kuchokera m'manja osiyanasiyana, akhoza kunyamula kachilomboka osatsokomola n'kamodzi komwe. Mukatero mudzakhala mwatumiza mavuto awiri pabasi imodzi.

Tsopano ndinene zowawa, mupirire. M'kalata yanu nkhani mwaiyambira pa foni. Ine ndikuiyambira pa beseni la mandasi. Sindikukuimbani mlandu wosaka chakudya, ana sadya malangizo a Azakhali. Koma taonani chimene mwana wa zaka 15 amakumana nacho pasiteji. Ali ndi beseni loti lithe asanabwerere kunyumba, ndipo akudziwa kuti likapanda kutha ndiwo kulibe. Pomuzungulira pali amuna ogwira ndalama tsiku ndi tsiku. Ambiri mwa iwo ndi abambo aulemu wawo, ongodzisakira, koma mmodzi yekha woipa mtima akwanira. Ndikufunseni, mayi: masiku amene ankabwera dzuwa likadali pamutu, beseni lili mbee, ndalama zili zokwana, munam'funsapo kuti wagula ndani? Kapena munangoti lero Mulungu watikomera mtima, n'kuthamangira kukagula bonya? Sindikukunyozani, aliyense akanasangalala. Koma mwanayo anaona kusangalala kwanuko. M'maganizo mwake bambo ameneyu ndi amene wakhala akugula ndiwo za pakhomo panu, ndipo nonse mwadya nawo. Ndiye lero mwam'thyolera mthiko pamsana. Kupenya kukhoma kumene mukunenako, mkati mwake muli manyazi, muli mantha, komanso muli funso lakuti, kodi si inu munandituma?

Munthu ameneyu tim'tchule dzina lake lenileni: ndi chidyamakanda. Anthu otere safulumira. Amayamba ndi kugula ziwiri n'kusiya chenji. Kenako beseni lonse. Kenako kum'kweza ulere mvula ikamagwa. Alongo ake awatseka pakamwa ndi K200, ndipo foni yabwera pomaliza kuti azim'peza usiku inu muli mtulo. Chilichonse mwa zimenezi ndi ngongole imene mwana sadziwa kuti akutenga, ndipo tsiku lobweza likafika amaona ngati alibe mphamvu zokana. Pamalamulo a dziko lino, kugona ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanuyu ndi mlandu waukulu, chilango chake chimatha kufika pokhala kundende moyo wonse, ndipo zoti mwanayo anavomera khoti siliwerengera. Choncho musalole wina aliyense, kaya ndi aneba kaya achibale, kuitchula nkhaniyi kuti chibwenzi.

Chimene simukudziwa mpaka pano n'chakuti zafika pati. Mwina zikadali pa mphatso, mwina zinapitirira kalekale. Mthiko sunakuuzeni, ndipo sudzakuuzani. Yambani ndi kupepesa. Ndikudziwa kuti ena owerenga tsamba lino adzuma, ati kholo lipepese mwana? Eya, lipepese. Anyamatawo atumeni kwina, mukhale pamphasa pomwe wagonapo, munene mwachidule kuti, "Mwana wanga, ndinakumenya chifukwa ndinachita mantha. Pasiteji paja ndinakutuma ndine. Sindikuthamangitsa." Mukatero khalani chete. Mwina sayankha tsiku limenelo, musakakamize. Ngati pali mng'ono wanu kapena azakhali ake amene amamasuka nawo, aitaneni. Makolo athu sanali opusa pamene anaika nkhani zina m'manja mwa azakhali ndi anankungwi, pali zimene mtsikana sanganene akuyang'ana mayi wom'bereka. Koma musankhe munthu wosunga pakamwa, osati uja amati akamva m'mawa, pofika masana pampopi ponse adziwa.

Mafunso ofunika ndi awiri okha: kodi bamboyu anagona naye, ndipo kumwezi anapita liti komaliza. Akavomera, kapena akangoti zyoli osayankha, mupite naye kuchipatala osadikira kuti mliri uthe. Kuchipatala cha Queens kuli One Stop Centre, kumene mwana wochitidwa zotere amaonedwa ndi achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu pamalo amodzi. Akam'yeza mimba, HIV ndi matenda ena. Ngati zachitika posachedwa musagone n'komwe, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV aja amati PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Valani masiki nonse awiri, mupite. Mukasowa poyambira imbani 116, ndi yaulere, ndi ya nkhani za ana zomwezi. Ngakhale zitapezeka kuti sanam'khudze, kanenenibe ku Victim Support Unit ya polisi. Munthu wogulira mwana wasukulu foni mobisa sanathere pa wanu yekha.

Foniyo musaiphwanye, musaigulitse ngakhale lendi itavuta chotani, ndiponso musakaibweze nokha. Mauthenga ali m'menemo ndiwo umboni. Izimitseni, muisunge pamene amuna anu sangaione msanga, mukaipereke kupolisi. Bamboyo akamva kuti zaululika adzatuma anthu, kapena adzabwera yekha atavala nkhope yachisoni ndi envelopu m'thumba, amvekere tikambirane pachibale, zithere pompano. Nthawi ya njala ngati ino envelopu imalemera. Mukailandira mwam'gulitsa mwana, ndipo mwanayo adzadziwa mtengo wake.

Tibwere kwa bambo a kunyumba. Mawu akuti apite kwa mwini wake ndi amene anatha ana ambiri mu 2020. Sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi, a Sitandade 8 ndi Fomu 4 anabwerera pa 7 Seputembala, ndipo ena onse, kuphatikizapo anu atatuwa, anadikira mpaka pa 12 Okutobala. Boma litachita kalembera linapeza atsikana pafupifupi 40,000 atatenga mimba ndiponso maukwati a ana pafupifupi 13,000. Ena mwa maukwati amenewo anamangidwa ndi makolo otopa, oganiza kuti akuchepetsa pakamwa. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, makolo avomere asavomere. Ku Dedza Inkosi Kachindamoto ankathetsa maukwati otere n'kubwezera ana kusukulu kwa zaka zambiri. Ndipo mwana wanu atapezeka ndi pathupi, sukulu siinathe. Unduna wa zamaphunziro umalola mtsikana kubwerera m'kalasi akabereka. Mukawauze ahedi mwakachetechete kuti malo ake asungidwe.

Koma amuna anuwo musawatenge ngati mdani. Mwamuna amene ankadzuka m'mamawa, kusita shati yoyera, madzulo n'kubwera ndi kajumbo m'manja, lero wakhala miyezi yonseyi akudya za tomato wa mkazi wake ndi mandasi a mwana wake. Kenako amve kuti mwamuna mnzake ndiye wakhala akugula mandasiwo. Nkhuyu zodya mwana zapota wamkulu. Ukali wawowo ndi manyazi, ndipo kutumiza mwana ku Thyolo ndi njira yoti asamaone chowakumbutsa. Musawayankhe pamaso pa ana. Akakanika awiri, itanani ankhoswe, komanso atsibweni a mwanayu amve, popeza nkhani ya mbumba siimangidwa iwo kulibe. Pabwalo limenelo mukapemphe chinthu chimodzi chooneka ndi maso: beseni lisinthe mwini. Mtsikana azikazinga pakhomo m'mawa, bambo ake azikagulitsa. Munthu amene ankanyamula mbale zinayi dzanja limodzi, n'kumamwetulira alendo ovuta, sangalephere mandasi. Akaona kuti pasiteji anzawo awaseka, akhale pabenchi la tomato, inu mupite ndi beseni. Achenjezeninso kuti asakam'sake wanjingayo ndi chikwanje. Akatero womangidwa akhala iwo, chidyamakanda chili pabwalo.

Mnyamata amene anaulula uja musam'iwale. Panopa mlongo wake akum'da, mkulu wake mwina akumunena kuti wadula K200, ndipo iye akuona ngati mthiko uja unathyoka chifukwa cha pakamwa pake. Muitaneni payekha mumuuze kuti anachita bwino. Onse awiri muwauze momveka kuti wamkulu aliyense wowapatsa ndalama kuti abise kanthu kwa makolo ndi woipa, ngakhale atakhala wa kutchalitchi kwanu. Za ndalama zimene analandira kale zisiyeni, anagulira zibwente, zinatha.

Za ndewu zawo sindikhalitsapo. Ana awiri otsekeredwa m'zipinda ziwiri nyengo ya mvula amenyana basi. Chimene chimachepetsa ndi kuti tsiku likhale ndi mutu ndi miyendo. Adzuke nthawi ya sukulu, asambe, amwe phala, akhale ndi makope ola limodzi kapena awiri dzuwa lisanakwere, kenako ntchito za pakhomo, ndipo anyamata nawonso atsuke mbale, manja sathothoka. Mphunzitsi muli naye kale m'nyumba: Chingerezi chimene bambo awo ankayankhula ndi alendo, ndi masamu owerengera mabilu, n'zokwanira Sitandade 5. Mtsikanayo mum'patse wa Sitandade 2 azim'phunzitsa kuwerenga, adzionenso kuti pakhomo pano ndi wofunika pa zina, osati pa ndalama za beseni zokha. Boma lanena kuti sukulu zatsekedwa kwa masabata atatu, koma mu 2020 tinaphunzira kuti tsiku lotsegulira limatha kusuntha, ndiye konzekani ngati zitenga nthawi. Ngati kupulayimale kwa anyamatawo amalandira phala la Mary's Meals, kafunseni ahedi ngati makolo akutenga ufa wokaphika kunyumba monga zinachitikira ulendo woyamba uja. Kufunsa sikulipiritsa.

Masiku oyambawa ndalama ichepa, zimenezo ndisakubisireni, chifukwa wogula beseni lonse uja sadzakhalaponso. Kwa akatapila musapiteko. Ngati muli mu banki m'khonde, afotokozereni anzanu kuti mwezi uno mwapanikizika, osatchula za mwana. Alandilodi mukaonane nawo nokha, masana, tsiku la lendi lisanafike, ndipo pokambirana za kuperewera kwa ndalama ndi amuna anu muzitsitsa mawu. M'nyumba ya zipinda ziwiri mtsikanayu wakhala akumva zonse, ndipo n'kutheka kuti china chimene chinam'letsa kukana foni ija ndi zimene ankamva usiku kuseri kwa katani.

Mukabwerako kuchipatala mundilemberenso, zikhale zabwino zikhale zoipa.

Azakhali